Kukonza kanema m'boma la Dedza

Kukonza kanema ndi ntchito yosankha, kudula ndi kulumikiza zithunzi zoyenda pamodzi ndi mawu ake, kuti zonse zikhale nkhani imodzi yoti munthu aonere kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anthu ogwira ntchitoyi amangoti kuedita, ndipo munthu wake amamutcha edita. Masiku ano ntchitoyi imachitikira pa kompyuta kapena pa foni.

M'boma la Dedza, monganso m'maboma ena a m'Malawi, makanema ambiri amene amakonzedwa ndi a maukwati, zinkhoswe, maliro ndi ziliza, makwaya a m'mipingo, nyimbo za achinyamata, magule ndiponso ntchito za mabungwe. Zambiri mwa zochitika izi sizibwerezedwa. Mkwatibwi salowanso m'tchalitchi kachiwiri chifukwa choti fayilo yatayika. N'chifukwa chake dongosolo la ntchito, kasungidwe ka mafayilo ndi magetsi odalirika n'zofunika kwambiri kwa edita wa m'derali kuposa kukwera mtengo kwa kompyuta yake.

Mbiri ya ntchitoyi

Poyamba filimu inkadulidwa ndi manja, ziduswa zake n'kumatidwa ndi guluu kapena tepi. Atabwera matepi a vidiyo, edita ankajambulitsa zigawo kuchokera pa tepi ina kupita pa inzake motsatana, ndipo akafuna kusintha china pakati, nthawi zambiri ankayambiranso pomwepo mpaka kumapeto. Makina oyamba olola munthu kusintha gawo lililonse popanda kukhudza linzake adali CMX 600, amene adatuluka mu 1971. Pulogalamu ya Avid Media Composer idatuluka mu 1989, ya Adobe Premiere mu 1991, ndipo ya Final Cut Pro mu 1999. Mu 2009 kampani ya Blackmagic Design idagula DaVinci Resolve, ndipo pambuyo pake idatulutsa mtundu wake waulere.

Ku Malawi wailesi ya kanema idayamba mu 1999, ndipo inkatchedwa Television Malawi isadalumikizidwe ndi MBC. Kubwera kwake kudachititsa kuti oimba ndi makwaya ayambe kufuna makanema a nyimbo zawo, amene ankagulitsidwanso pa matepi, kenako pa ma VCD ndi ma DVD. Mafilimu aatali adatsatira. Charles Shemu Joyah adapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Filimu ya Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula idapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016. Kutsika mtengo kwa makamera, malaputopu ndi mafoni n'kumene kudafikitsa ntchitoyi m'matauni aang'ono ngati Dedza.

Malo ndi nyengo

Tauni ya Dedza ili pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 85 kummwera chakummawa kwa Lilongwe, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600. Phiri la Dedza limafika mamita 2,198. Kumtunda kuno kumazizira kwambiri mu June ndi July, ndipo nkhungu imakuta kawirikawiri. Kumunsi kwa bomali, ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti, n'kotentha.

Kuzizira kumathandiza kompyuta kuti isatenthe msanga, koma kumabweretsa vuto la chinyezi. Kamera kapena hard drive imene yazizidwa panja ikalowa m'chipinda chofunda imachita mame mkati ndi kunja. Njira yopewera ndi kuisiya m'chikwama chotseka kwa kanthawi mpaka ifanane ndi kutentha kwa chipindacho, kenako n'kuiyatsa. Chinyezi chikakhalitsa chimameretsa nguwi m'magalasi a kamera, choncho zipangizo zimasungidwa m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi.

Mu September ndi October vuto lalikulu ndi fumbi, limene limatseka timafani ta kompyuta n'kuichititsa kuchedwa. M'dzinja, kuyambira November mpaka April, choopsa ndi ziphaliwali. Chipangizo choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu chimathandiza, koma mphenzi ikagwa pafupi sichikwanira. Chodalirika ndi kuzula zingwe pakhoma mvula ya mabingu ikayandikira.

Magetsi

Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi a mavoliti 230 pa 50 Hz. Amapangidwa makamaka ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amagawidwa ndi ESCOM. Mu January 2022 namondwe Ana adawononga malo a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazimazima kwambiri mpaka malowo adakonzedwa mu 2023. Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20 okhala ndi mabatire, koma magetsi ake amalowa m'nthambo za dziko lonse, si a Dedza yekha.

Magetsi akazima kompyuta ikulemba fayilo, fayiloyo imatha kuwonongeka, ndipo nthawi zina hard drive yonse imasiya kuwerengeka. Apa m'pamene laputopu imaposera kompyuta ya patebulo, popeza batire lake limagwira pompo. Kompyuta ya patebulo imafunika UPS. UPS yaing'ono siyoti munthu apitirize nayo ntchito. Imangompatsa mphindi zochepa zoti asunge ntchito yake ndi kuzimitsa makina bwinobwino.

Kwa wogwiritsa ntchito sola, kuwerengera kwake n'kosavuta. Laputopu yodya mawati 90 ikagwira ntchito maola 8 imafuna 720 Wh. Kompyuta ya patebulo ndi sikirini yake zikamadya mawati 350 zimafuna 2,800 Wh pa maola omwewo. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200 Wh, koma likakhala la mtovu silifunika kutsitsidwa kupitirira theka, choncho zogwiritsika ndi 600 Wh zokha. La lithium limalola kutsitsidwa kwambiri. Inverter yoyenera makompyuta ndi ya mtundu wa pure sine wave. Masiku a nkhungu mapanelo amapereka mphamvu yochepa, choncho amene ali kumtunda kwa Dedza amafunika kuwerengera mopitirirako.

Kukonzekera asanajambule

Mavuto ambiri a edita amabadwira pojambula. Wailesi za kanema ku Malawi zimatsata dongosolo la zithunzi 25 pa sekondi, lomwe limagwirizana ndi magetsi a 50 Hz. Kamera yoikidwa pa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, monga zimachitikira ndi makamera ogulidwa ku America, imatha kutulutsa kanema wothwanima kapena wa mizeremizere pansi pa mababu a m'holo ndi m'tchalitchi. Kuika kamera pa zithunzi 25 kapena 50, shutter n'kukhala pa 1/50 kapena 1/100, kumathetsa vutoli.

Makamera onse a pa mwambo umodzi ayenera kufanana pa chiwerengero cha zithunzi, pa kukula kwa chithunzi ndi pa kayezedwe ka kuwala koyera. Mawu amajambulidwa pa 48 kHz. Maikolofoni ya pa kamera imatola mphepo ndi phokoso la anthu, choncho mawu a abusa, a ankhoswe kapena a kwaya amajambulidwa padera, kuchokera pa mixer ya zokuzira mawu kapena pa maikolofoni yaing'ono yomangirira pa malaya. Kuwomba m'manja kamodzi makamera onse akuona kumathandiza edita kugwirizanitsa zithunzi ndi mawu.

Kukopera ndi kusanja mafayilo

Ntchito yoyamba akabwera kojambula ndi kukopera memole khadi yonse, osati kusankhamo mafayilo ena. Makamera ena amasunga zofunika m'timafoda tating'ono, ndipo tikasiyidwa pulogalamu imalephera kuwerenga bwino kanemayo. Khadi silifufutidwa mpaka zinthu zake zitakhala pa malo awiri osiyana ndipo edita watsegula mafayilo ena n'kuona kuti akusewera. Mapulogalamu ena, kuphatikizapo DaVinci Resolve, ali ndi chida chokopera chimene chimayerekezera fayilo yatsopano ndi yoyambayo kuti chitsimikize kuti palibe chaphonyeka.

Akatswiri amatsata lamulo lotchedwa 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kunja kwa nyumba yogwiriramo ntchito. Kumene intaneti ndi yodula, kope lachitatuli limangokhala hard drive yosungidwa kunyumba ina. Makope awiri okhala m'chikwama chimodzi amabedwa kapena kunyowa limodzi.

Foda ya ntchito iliyonse imalembedwa chaka, mwezi, tsiku, mtundu wa mwambo ndi malo, kuti mafoda azidzisanja okha motsata nthawi. Mkati mwake mumakhala timafoda ta kamera iliyonse, ta mawu, ta nyimbo, ta zolemba, ta pulojekiti ndi ta kanema womaliza. Fayilo ikalowetsedwa m'pulogalamu siyenera kusinthidwa dzina kapena kusunthidwa, chifukwa pulogalamuyo simeza fayilo, imangoloza pamene ili.

Kukula kwa mafayilo kumawerengeka mosavuta. Kamera yojambula mamegabiti 100 pa sekondi imadzaza 45 GB pa ola. Ukwati wojambulidwa ndi makamera atatu, iliyonse maola anayi, umafika 540 GB, ndipo makope awiri amapitirira 1 TB. Kukopera 540 GB pa hard drive yothamanga 120 MB pa sekondi kumatenga mphindi 75, pomwe pa SSD yothamanga 500 MB pa sekondi kumatenga mphindi 18, khadi ndi chowerengera chake zikakhala zothamanga chimodzimodzi.

Mafayilo opepuka

Makamera ndi mafoni ambiri amasunga kanema mu H.264 kapena H.265. Njira izi zimapanikiza kanema posunga chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, zotsalazo n'kumangolemba zimene zasintha. Fayilo imachepa, koma kompyuta imavutika poiwerenga, makamaka edita akamabwerera m'mbuyo ndi kutsogolo. Kanema wa 4K ali ndi timadontho 3,840 m'litali ndi 2,160 m'lifupi, kuwirikiza kanayi wa 1080p, choncho ntchito ya kompyuta imakulanso.

Njira yothetsera kudukiza ndi kupanga ma proxy. Awa ndi makope aang'ono, osavuta kuwerenga, amene edita amagwiritsa ntchito podula. Potulutsa kanema womaliza, pulogalamu imabwerera ku mafayilo enieni, choncho kukongola kwa chithunzi sikutsika. Ma proxy amapangidwa mu ProRes kapena DNxHR. ProRes Proxy ya 1080p pa zithunzi 25 imadya pafupifupi 17 GB pa ola. Ndi njira imeneyi laputopu yapakatikati imatha kukonza kanema wa 4K, ndipo ambiri amasiya makina akupanga ma proxy usiku.

Kanema wa pa foni ali ndi vuto lake. Mafoni amasinthasintha chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, ndipo pa kanema wautali milomo imayamba kusiyana ndi mawu. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imasandutsa fayilo yotere kuti ikhale ya chiwerengero chokhazikika.

Kudula ndi kulumikiza

Edita amayamba ndi kugwirizanitsa makamera ndi mawu, kenako amaonera zonse ndi kuika chizindikiro pa zigawo zabwino. Akatero amaziyala motsatana popanda kukongoletsa, kuti aone ngati nkhani ikumveka. Pambuyo pake amadula zotalika, zobwerezabwereza ndi zogwedezeka. Zithunzi zapadera, monga manja a woimba ng'oma, nkhope za omvera kapena phiri kumbuyo kwa tchalitchi, zimaphimba pamene padulidwa.

Kanema wa mwambo ali ndi dongosolo limene eni ake amalidziwa. Pa chinkhoswe, zokambirana za ankhoswe, kupatsana nkhuku ndi malangizo zili ndi malo ake, ndipo edita wosadziwa mwambo amatha kudula chimene banja likuchifuna kwambiri n'kusiya magule okha. Choncho ndi bwino kufunsiratu eni ntchito zigawo zosayenera kusowa ndi anthu ofunika kuoneka. Eni akewo amaonetsedwa kope laling'ono, amanena zosintha, ndipo akavomereza m'pamene kudula kumatsekedwa. Kukonza mawu, mitundu ndi zolemba kumabwera pambuyo pake, popeza kukongoletsa gawo limene lidzachotsedwe n'kutaya nthawi ndi magetsi.

Mawu, mitundu ndi zolemba

Woonera amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu osamveka amamuthawitsa. Mawu a munthu wolankhula ayenera kukhala pamwamba pa nyimbo, ndipo asafike pophulika. Wailesi za kanema zotsata muyeso wa EBU R128 zimafuna mawu a −23 LUFS, pomwe YouTube imatsitsa mawu okwera kuti afike pafupi ndi −14 LUFS. Ndi bwino kumvetsera kanema pa mahedifoni komanso pa sipika ya foni, popeza anthu ambiri adzamuonera pa foni.

Pa mitundu, muyeso wa kanema wamba wa HD ndi Rec. 709. Choyamba edita amafananitsa makamera onse, kenako amakongoletsa. Vuto lodziwika pa maukwati ndi diresi loyera pafupi ndi khungu lakuda pa dzuwa la masana: kuwalitsa nkhope kumapsereza diresi, kuteteza diresi kumadetsa nkhope. Zida zoyezera kuwala za m'pulogalamu n'zodalirika kuposa maso, chifukwa sikirini za malaputopu ambiri sizionetsa mitundu molondola.

Mayina a anthu, a midzi ndi a mafumu amafunika kufunsidwa kwa eni ake asanalembedwe. Amene akufuna kulemba chilembo cha ŵ ayenera kuona ngati kalembedwe kamene asankha kali nacho. Mawu omasulira amatha kumatidwa pa chithunzi kapena kuperekedwa padera mu fayilo ya SRT.

Kutulutsa ndi kupereka

Pa ntchito iliyonse pamatuluka kope lalikulu losunga ndi makope aang'ono ogawa. Ogawa amakhala a MP4 mu H.264, chifukwa amasewera pa mafoni ndi ma TV ambiri. YouTube imalangiza mamegabiti 8 pa sekondi pa kanema wa 1080p, zomwe zimapanga pafupifupi 3.6 GB pa ola. Pa intaneti yokweza mamegabiti 5 pa sekondi, fayilo yotere imatenga mphindi 96, ndipo imadya bandulo ya kukula komweko. WhatsApp imapanikiza kanema, pokhapokha atatumizidwa ngati document. Fulashi yokonzedwa mu FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, pomwe exFAT ilibe malire amenewa ndipo imawerengeka pa Windows ndi pa Mac, ngakhale ma TV ena akale saiwerenga. Edita amaonera kanema yense asanampereke.

Zipangizo

Purosesa ya ma core 6 kapena 8 imakwanira ntchito zambiri. RAM ya 16 GB imakwanira kanema wa 1080p, ndipo pa 4K ndi bwino 32 GB. Khadi la zithunzi ndi lofunika kwambiri pa DaVinci Resolve, ndipo liyenera kukhala ndi memole yakeyake yosachepera 4 GB. Mapurosesa ndi makhadi atsopano a Intel, AMD, Nvidia ndi Apple ali ndi gawo lowerengera H.264 ndi H.265, limene limapeputsa ntchito.

Pa zosungira, SSD ya mtundu wa SATA imathamanga pafupifupi 550 MB pa sekondi, ya NVMe imapitirira 3,000 MB, pomwe hard drive yaing'ono yonyamula imangofika cha m'ma 100 mpaka 140 MB. Dongosolo labwino ndi kuika mapulogalamu ndi ntchito imene ikukonzedwa pa SSD, makope osunga n'kukhala pa hard drive, yomwe ndi yotsika mtengo. Hard drive ili ndi mbale zozungulira mkati, choncho imaopa kugwa ndi kugwedezeka kwa pa kabaza. Ndalama zikachepa, chimene chimasintha kwambiri kompyuta yakale ndi SSD ndi RAM yowonjezera, kenako hard drive yachiwiri ndi UPS.

Zipangizo zambiri zimagulidwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre kapena kuitanitsidwa kunja, ndipo zina zimakhala zogwirapo ntchito. Wogula ayenera kuyesa batire, kutentha kwa makina akamagwira ntchito yolemera, ndi thanzi la chosungira pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati CrystalDiskInfo. Pamsika pamapezekanso makhadi ndi mafulashi achinyengo olembedwa kukula kumene alibe. Amaoneka ngati akulandira mafayilo, koma akadzaza amafufuta akale. Pulogalamu ya H2testw imawatulukira asanagwiritsidwe ntchito.

Mapulogalamu

DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wotha kudula, kukonza mitundu ndi mawu, ngakhale mafayilo ena a makamera apamwamba amafuna mtundu wogula. Adobe Premiere Pro imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena pachaka, zomwe zimafuna ndalama zakunja. Final Cut Pro imagwira pa makina a Apple okha. Kdenlive ndi Shotcut ndi zaulere ndipo zimayenda pa makompyuta ofooka. CapCut ndi yotchuka pa makanema aafupi a pa foni. Mapulogalamu obedwa amabwera kawirikawiri ndi mavairasi, ena otseka mafayilo onse n'kufuna dipo, choncho ndi oopsa pa kompyuta yosunga ntchito za anthu.

Malamulo ndi ulemu wa miyambo

Nyimbo zili ndi eni ake. Ku Malawi umwini wa ntchito zaluso umatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe loona za izi ndi COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992. YouTube ndi Facebook zimazindikira nyimbo za eni, ndipo zimatha kutseka mawu kapena kanema yense.

Dedza ndi limodzi mwa maboma amene gule wamkulu ndi wozama. UNESCO idazindikira guleyu ngati chuma cha anthu onse mu 2005. Zovinidwa pabwalo zimajambulidwa mfumu ndi akuluakulu a mwambo akalola, koma za kudambwe ndi za m'tsimba si zoonetsa. Edita ndiye munthu womaliza kuona chithunzi chilichonse, choncho ndi udindo wake kuchotsa gawo loulula chinsinsi, monga pamene chovala cha chilombo chasunthika. Malo a Kungoni ku Mua, amene Bambo Claude Boucher adawayambitsa mu 1976, akhala akusonkhanitsa ndi kufotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Zojambula za pa miyala za ku Chongoni, zimene zili pa malo 127 ndipo zidalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006, zimafunanso kusamala. Zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za alimi Achichewa. Kanema wophunzitsa akakoleretsa mitundu mopitirira amasocheretsa woonera pa maonekedwe enieni a zojambulazo.

Kusunga kwa nthawi yaitali

Ntchito ikaperekedwa, ma proxy ndi mafayilo ongoyembekezera amafufutidwa, popeza amatha kupangidwanso. Zosunga ndi mafayilo enieni a kamera, mawu, pulojekiti ndi kope lalikulu. Edita ndi mwini ntchito amagwirizaniratu kutalika kwa nthawi imene mafayilo adzasungidwe. Palibe chosungira chokhalitsa mpaka kale: hard drive imafa, DVD imakandika, ndipo SSD yosiyidwa zaka zambiri osayatsidwa imatha kutaya zinthu. Choncho zosungira zimayatsidwa nthawi ndi nthawi, ndipo pakapita zaka zingapo mafayilo amasamutsidwira pa zatsopano. Kanema wa chinkhoswe kapena wa kulonga ufumu nthawi zina amakhala malo okhawo amene nkhope ndi mawu a agogo zidasungidwa.